Kuchokera pa “Factor X” Kufika pa Jakisoni wa M'diso: Mbiri ya VEGF ndi Kutupa kwa Retina

Munthu wodwala matenda a shuga akayamba kuona mwachimbuuzi, nthawi zambiri vutolo limakhala litayamba zaka zingapo m'mbuyomo. Limayambira kumbuyo kwa diso, pa kachikopa kopyapyala kotchedwa retina, kamene kamalandira kuwala n'kutumiza uthenga ku ubongo. Mitsempha ing'onoing'ono ya magazi ya pamenepo imayamba kudontha, ina imatsekeka, ndipo pamapeto pake pamamera mitsempha yatsopano yosalimba imene imaphulika n'kukhetsera magazi m'diso. Pa zinthu zimene zimachititsa zonsezi, chachikulu ndi puloteni yotchedwa VEGF. Dzinali ndi chidule cha mawu a Chingerezi otanthauza chinthu chimene chimakulitsa maselo oyala mkati mwa mitsempha ya magazi.

Dzinalo limangonena mbali imodzi ya ntchito yake. VEGF imachititsanso kutupa, kumene madokotala amatchula kuti inflammation. Apa sitikunena kufufuma kwa chiwalo kokha ayi. Tikunena zimene thupi limachita likamalimbana ndi bala kapena tizilombo: mitsempha imatseguka, madzi a m'magazi amatuluka, ndipo maselo oyera, omwe ambiri timawatcha asilikali a m'thupi, amakhamukira pamalopo. Pakhungu zimenezi zimathandiza kuti bala lipole. Pa retina, zikamachitika mwakachetechete kwa zaka zambiri, zimachititsa khungu. Akatswiri zinawatengera zaka zoposa 50 kuti amvetse zimenezi, ndipo mbiri yake ikufotokoza chifukwa chimene timalimbikitsira odwala shuga kupimitsa maso ngakhale akuona bwinobwino.

Michaelson ndi chinthu chosaoneka

Mu 1948, dokotala wa maso Isaac Michaelson, yemwe anabadwira ku Edinburgh ndipo anaphunzira ku Glasgow, anafalitsa zotsatira za kafukufuku wake wa mmene mitsempha ya retina imakulira. Ankathira inki yakuda m'mitsempha ya maso a nyama ndi a anthu n'kumaiona pa maikulosikopu. Iye anaona kuti pafupi ndi mitsempha ikuluikulu yobweretsa magazi okhala ndi okosijeni wambiri, timitsempha ting'onoting'ono sitimera, koma kumalo akutali kumene okosijeni ndi wochepa timamera tambirimbiri. Choncho anaganiza kuti retina ikasowa mpweya imatulutsa chinthu chinachake chimene chimayenderera n'kukaitana mitsempha kuti imere. Panthawiyo panalibe zipangizo zochipezera chinthucho, moti anthu anadzangochitcha “Factor X”.

Michaelson anasamukira ku Israel ndipo anakhala mkulu wa dipatimenti ya maso pachipatala cha Hadassah ku Jerusalem. Kumeneko anayambitsa ntchito yotumiza madokotala a maso kumayiko a mu Africa, ndipo Malawi linali limodzi mwa mayikowo. Madokotala ochokera ku Hadassah anagwirapo ntchito ku Blantyre m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, ndipo Dr Moses Chirambo, Mmalawi woyamba kukhala katswiri wa maso, anakaphunzira ukatswiriwo ku Hadassah komweko.

Ana a m'mainkyubeta

Umboni woyamba woti Michaelson ankanena zoona unachokera pa tsoka lalikulu. Mu 1942, Theodore Terry wa ku Boston anafotokoza za mtundu watsopano wa khungu umene unkagwira ana obadwa masiku asanakwane. Zipatala za m'mayiko olemera zinali zitayamba kuika anawa m'mainkyubeta otsekedwa bwino n'kumawapatsa okosijeni wochuluka kwa milungu yambiri. M'zaka pafupifupi khumi zotsatira, ana masauzande ambiri anachita khungu. Mmodzi mwa iwo ndi woimba wotchuka Stevie Wonder, yemwe anabadwa mu 1950.

Mu 1951, Kate Campbell, dokotala wa ana wa ku Melbourne, anayerekezera zipatala zingapo n'kupeza kuti vutoli linali lalikulu kumene ana ankapatsidwa okosijeni wambiri. Mu 1952, Arnall Patz anatsimikizira zimenezi pa kafukufuku amene anachita ku Washington. Kenako Norman Ashton wa ku London anaonetsa mmene zimachitikira pogwiritsa ntchito ana a mphaka. Akawaika mumpweya wa okosijeni wambiri, mitsempha yanthete ya retina inkatsekeka n'kufa. Akawabwezera mumpweya wamba, retina inkasowa magazi ndipo mitsempha yatsopano inkamera mosalongosoka. Zinaoneka kuti okosijeni wambiri amazimitsa “Factor X”, ndipo kusowa kwake kumaichulukitsa mopyola muyezo.

Zipatala zitamva zimenezi zinachepetsa kwambiri okosijeni. Khungu linachepadi, koma ana ambiri anayamba kumwalira ndipo ena ankawonongeka ubongo. Phunziro lowawali ndi limene linabala lamulo limene tikutsatira lero, loti okosijeni wa mwana wobadwa masiku asanakwane aziyezedwa ngati mankhwala ena onse.

Puloteni imodzi, mayina awiri

Chinthu chimene Michaelson ankachiganizira chinapezeka kudzera mwa ofufuza za khansa. Mu 1971, Judah Folkman wa ku Boston ananena kuti chotupa cha khansa sichingakule popanda kudzimeretsera mitsempha yatsopano, ndipo anati kuletsa mitsemphayo kungakhale njira yochizira. Ambiri anamukayikira, koma maganizo akewo anachititsa kuti ofufuza ambiri ayambe kusakasaka zinthu zomeretsa mitsempha.

Mu 1983, Donald Senger ndi Harold Dvorak, a ku Boston komweko, ankafufuza chifukwa chimene madzi amadzadzira m'mimba mwa mbira zokhala ndi khansa. Anapeza puloteni imene inkachititsa mitsempha kudontha. Akaibaya pakhungu la mbira imene anaithira mankhwala a mtundu wa buluu m'magazi, pamalopo pankasanduka buluu m'mphindi zochepa chabe. Mphamvu yake yodonthetsa mitsempha inkaposa ya histamine, imene imatupitsa khungu munthu akalumidwa ndi njuchi, kuwirikiza pafupifupi maulendo 50,000. Anaitcha VPF, kutanthauza chinthu chodonthetsa mitsempha.

Mu 1989, Napoleone Ferrara, wofufuza wa ku Italy yemwe ankagwira ntchito pakampani ya Genentech ku California, anapeza puloteni m'maselo a kachiwalo ka pansi pa ubongo wa ng'ombe. Puloteniyo inkachulukitsa maselo a m'mitsempha ya magazi, ndipo anaitcha VEGF. Chaka chomwecho, ofufuza atawerenga kapangidwe ka VPF ndi ka VEGF, anapeza kuti ndi chinthu chimodzi. Dzina la VEGF ndi limene linatchuka, ndipo mwina n'chifukwa chake kwa zaka zingapo anthu ambiri ankaiganizira ngati yomeretsa mitsempha basi, n'kuiwala kuti poyamba inadziwika ndi kudonthetsa. Komatu mu 1990 Matthias Clauss ndi anzake anali ataonetsa kale kuti puloteni yomweyi imakoka maselo oyera a mtundu wa monocyte. Kudonthetsa mitsempha ndi kukoka maselo oyera ndi zizindikiro ziwiri zikuluzikulu za kutupa.

Mu 1992, gulu la Eli Keshet ku Hebrew University, mumzinda wa Jerusalem umene Michaelson anagwiramo ntchito, linaonetsa kuti maselo akasowa okosijeni amachulukitsa VEGF. Njira imene selo limadziwira kuti okosijeni wachepa, kudzera m'puloteni ina yotchedwa HIF, ndi imene inachititsa kuti William Kaelin, Peter Ratcliffe ndi Gregg Semenza alandire mphoto ya Nobel mu 2019.

Umboni wa m'diso

Chaka cha 1994 ndi chimene chinalumikiza VEGF ndi diso. Joan Miller, Anthony Adamis ndi anzawo ku Boston anatseka mitsempha ya retina ya anyani ndi leza, ndipo anapeza kuti VEGF inkachuluka m'diso panthawi yomwe mitsempha yachilendo inkamera. Lloyd Paul Aiello wa ku Joslin Diabetes Center anayeza madzi a m'maso mwa odwala 164 amene ankachitidwa opaleshoni, n'kupeza VEGF yochuluka mwa odwala shuga amene mitsempha yawo inali kumera mosalongosoka. Mwa odwala amene anawotchedwa retina ndi leza, VEGF inkatsika.

Zimenezi zinafotokoza chinthu chimene madokotala ankachita kwa zaka zambiri osadziwa bwino chifukwa chake chimathandiza. Kuyambira mu 1976, kafukufuku wamkulu wa ku United States wotchedwa Diabetic Retinopathy Study anali ataonetsa kuti kuwotcha m'mbali mwa retina ndi leza kumachepetsa ndi theka kapena kuposerapo chiopsezo cha khungu. Tsopano zinadziwika kuti kuwotchako kumachotsa mbali ya retina imene ikusowa mpweya n'kumatulutsa VEGF.

Mu 1996, Michael Tolentino ndi anzake anabaya VEGF m'maso mwa anyani abwinobwino, opanda shuga. Mitsempha inakula, inapindikapindika, inayamba kudontha, ndipo ina inatsekeka, mofanana ndi mmene zimakhalira m'diso la wodwala shuga. Apa panabuka funso: chinthu chomeretsa mitsempha chingatseke bwanji mitsempha?

Mmene asilikali a m'thupi amatsekera njira

Yankho linapezeka m'maselo oyera. Mu 1991, gulu la Geert Schmid-Schönbein ku San Diego linaona maselo oyera atatsakamira m'timitsempha ta retina ya makoswe odwala shuga. Mu 1995, gulu la Gerard Lutty ku Johns Hopkins linapeza kuti m'mitsempha ya maso a anthu amene anali ndi shuga munali puloteni yambiri yotchedwa ICAM-1. Puloteniyi imagwira ntchito ngati ulimbo: imakhala pakhoma la mkati mwa mtsempha n'kumagwira maselo oyera akamadutsa.

Kuyambira mu 1999 mpaka 2003, gulu la Adamis, momwe munali Ming Lu, Kazuaki Miyamoto, Antonia Joussen ndi Susumu Ishida, linalumikiza mfundo zonsezi. Linaonetsa kuti VEGF ikabayidwa m'diso, ICAM-1 imachuluka. Linapeza kuti maselo oyera amayamba kumamatira m'mitsempha ya retina patangopita masiku ochepa khoswe atayamba kudwala shuga, kusanaoneke chizindikiro chilichonse. Atatseka ICAM-1 ndi mankhwala, kumamatirako kunatsika pafupifupi ndi theka ndipo kudontha kunachepa kwambiri. Atatseka VEGF, ICAM-1 inatsika ndipo maselo oyera omamatira anachepa. Mu 2003 Ishida anaonetsa kuti mtundu umodzi wa VEGF, umene mwa anthu umatchedwa VEGF165, ndi umene umatupitsa kwambiri. Panthawi yomweyo David Antonetti ku Pennsylvania anaonetsa kuti VEGF imamasula occludin, puloteni imene imasoka maselo a mtsempha kuti agwirane popanda mpata.

Zimene zimachitika tingazifotokoze motere. Shuga wokwera kapena kuchepa kwa okosijeni kumachititsa maselo a retina kutulutsa VEGF. VEGF imamatira pamalo ake olandirira pa maselo a mtsempha n'kuchita zinthu zitatu. Choyamba, imamasula msoko wa pakati pa maselo, ndipo madzi ndi mafuta a m'magazi zimatulukira mu retina. Chachiwiri, imauza maselowo kuti apange ICAM-1 yambiri. Chachitatu, imaitana maselo oyera. Selo loyera ndi lalikulu kuposa kamtsempha ka retina, choncho likamatira limatseka njira ya magazi. Limatulutsanso zinthu zimene zimapha maselo a khoma la mtsempha. Kamtsemphako kakafa, mbali ya retina imene kankaidyetsa imasowa mpweya, ndipo imatulutsa VEGF yochulukirapo. Zikatero vutolo limangozungulira n'kumadzikulitsa lokha.

Madzi odonthawo akasonkhana pakati penipeni pa retina, pamalo otchedwa macula amene timaonera zinthu zing'onozing'ono monga zilembo ndi nkhope za anthu, munthu amayamba kuona mwachimbuuzi. Koma retina ilibe mitsempha yomvera ululu. Diso silifiira, silipweteka, silituluka manthongo. Kutupa kwa mtundu umenewu kumatha zaka wodwala asakudziwa.

Mankhwala, ndi malire ake

Maganizo oti kutupa kuli ndi mbali pa vutoli anayamba kale. Mu 1964, madokotala awiri, Powell ndi Field, anaona kuti odwala shuga amene ankamwa asipirini wambiri chifukwa cha nyamakazi sankawonongeka maso kawirikawiri. Koma kafukufuku wamkulu wotchedwa ETDRS, amene zotsatira zake zinatuluka mu 1991, anapeza kuti asipirini wa mamiligalamu 650 patsiku sanachepetse kuwonongeka kwa retina. Choncho asipirini si mankhwala a maso a wodwala shuga, ngakhale kuti dokotala angamulembere pa zifukwa zina monga za mtima.

Chimene chinasintha zinthu ndi mankhwala otseka VEGF yeniyeniyo. Mu 2004 bungwe loona za mankhwala ku United States linavomereza bevacizumab, wodziwika kuti Avastin, kuti azichizira khansa ya m'matumbo. Kumapeto kwa chaka chomwecho linavomereza pegaptanib, mankhwala oyamba a mtunduwu obaya m'diso. Mu 2005 Philip Rosenfeld wa ku Miami anayesa kubaya kachigawo kakang'ono ka Avastin m'diso ndipo kutupa kwa retina kunatsika. Ranibizumab anavomerezedwa mu 2006, aflibercept mu 2011. Popeza botolo limodzi la bevacizumab limagawidwa kwa odwala ambiri, mtengo wake pa jakisoni umakhala wotsika kwambiri poyerekeza ndi enawo. Kafukufuku wa CATT mu 2011 anapeza kuti pa matenda a macula obwera ndi ukalamba, bevacizumab amathandiza mofanana ndi ranibizumab, ndipo mu 2013 bungwe la WHO linamuika pamndandanda wa mankhwala ofunikira a maso.

Jakisoniyu ali ndi malire. Mphamvu yake imatha pakapita milungu ingapo, moti wodwala amayenera kubwerera mobwerezabwereza, nthawi zambiri mwezi ndi mwezi poyambirira. Sadzutsa mitsempha imene inafa kale. Odwala ena sathandizika mokwanira, chifukwa kutupa kukakhazikika pamalowa zinthu zina zambiri zokuyendetsa kuwonjezera pa VEGF. N'chifukwa chake madokotala amagwiritsanso ntchito mankhwala a m'gulu la ma steroid oika m'diso, ngakhale kuti amatha kuyambitsa ng'ala ndi kukweza mphamvu ya madzi a m'diso. Mu 2022 kunavomerezedwa faricimab, amene amatseka VEGF pamodzi ndi puloteni ina yotupitsa mitsempha yotchedwa angiopoietin-2. Tizikumbukiranso kuti VEGF si mdani nthawi zonse. Mwana ali m'mimba sangapange mitsempha popanda iyo, ndipo bala silingapole bwino.

Kuno kwathu

Nkhaniyi imakhudza Malawi m'njira zitatu. Yoyamba ndi matenda a shuga. Kafukufuku wa STEPS wa mu 2009 anapeza kuti 5.6 peresenti ya akuluakulu m'dziko muno anali ndi shuga. Kafukufuku wina amene Philip Burgess ndi anzake anafalitsa mu 2014 anapima maso a odwala shuga 357 pachipatala cha Queen Elizabeth Central ku Blantyre ndi cha Zomba Central. Theka la odwalawo anali atawonongeka kale retina, ndipo pafupifupi atatu mwa khumi alionse anali pamlingo woti akhoza kuchita khungu. Ofufuzawo anapezanso kuti kuchepa kwa magazi kunkayendera limodzi ndi kuwonongeka kwakukulu kwa retina. Zimenezi zikugwirizana ndi zimene Michaelson anaganiza, chifukwa magazi ochepa amanyamula okosijeni wochepa.

Yachiwiri ndi ana obadwa masiku asanakwane. Lipoti la padziko lonse la mu 2012 lotchedwa Born Too Soon linati pafupifupi ana 18 mwa 100 alionse obadwa m'Malawi amabadwa masiku asanakwane, chiwerengero chimene panthawiyo chinali chokwera kuposa cha dziko lina lililonse. Makina a CPAP ndi a okosijeni afika m'zipatala zambiri za m'maboma ndipo akupulumutsa ana amene kale akanamwalira. Mayiko ambiri a ku Latin America ndi Asia atafika pamenepa, khungu la ana linachuluka paliponse pamene okosijeni sankayezedwa bwino.

Yachitatu ndi malungo. Mu 1993, Susan Lewallen, pogwira ntchito ndi Terrie Taylor ndi Malcolm Molyneux ku Blantyre, anafotokoza kusintha kwa retina mwa ana odwala malungo a muubongo: malo oyera, mitsempha yosintha mtundu ndi timadontho ta magazi. Mu 2004 gulu la Taylor linaonetsa kuti pafupifupi mmodzi mwa ana anayi amene anamwalira akuganiziridwa kuti ali ndi malungo a muubongo anali atafa ndi matenda ena, ndipo kupima retina ndi kumene kunkasiyanitsa bwino magulu awiriwo. Maselo ofiira okhala ndi tizilombo ta malungo amamatira pakhoma la mitsempha n'kutseka njira ya magazi, ndipo ICAM-1, ulimbo womwe uja, ndi chimodzi mwa zinthu zimene amamatirapo.

Zimene wogwira ntchito zaumoyo angachite

Mbiriyi ikusonyeza kuti jakisoni ndi leza zimabwera kumapeto kwa vuto limene linayamba kalekale. Ntchito yodula vutoli koyambirira ili m'manja mwa anamwino, ma clinical officer, alangizi a zaumoyo ndi odzipereka a m'midzi.

Wodwala aliyense amene wapezeka ndi shuga wa akuluakulu atumizidwe kukapimitsa maso nthawi yomweyo, chifukwa matendawa amakhala atayamba zaka zingapo asanadziwike. Pambuyo pake azipimitsa chaka ndi chaka, kapena monga mmene wa zamaso wanenera. Kupimako kukhale kothira mankhwala okulitsa mwanadiso kuti retina ioneke, chifukwa kuwerenga zilembo za pakhoma pakokha sikuonetsa vutoli. Wodwala akanena kuti akuona bwino, mufotokozereni kuti retina simva ululu. Kuthamanga kwa magazi kuziyezedwa pamodzi ndi shuga, ndipo kuchepa kwa magazi kuchizidwe. Mayi wodwala shuga akakhala ndi pakati apimitse maso msanga, popeza vutoli limatha kukula mofulumira panthawiyi. Wodwala amene wasiya kuona mwadzidzidzi, kapena akuona timadontho takuda tikuyandama, atumizidwe kuchipatala cha maso mosachedwa.

Wodwala amene wayamba kulandira jakisoni wa m'diso amafunika kumulimbikitsa kuti asadumphe masiku, ngakhale thiransipoti itavuta. Diso likafiira, kupweteka kwambiri kapena kusiya kuona pakapita masiku ochepa atabayidwa, abwerere kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa mwina mwalowa tizilombo.

Kuchipinda cha ana akhanda, mwana wobadwa masiku asanakwane amene ali pa okosijeni aziyezedwa ndi kachipangizo koyezera mpweya m'magazi, ndipo mlingo wake usamapitirire 95 peresenti. Kuchepetsa mpweyawo mopitirira n'koopsanso, choncho tsatirani malangizo a chipatala chanu. Mwana wobadwa wamng'ono kwambiri amafunika kuonedwa ndi wa zamaso akamakwanitsa pafupifupi mwezi umodzi, ndipo makolo auzidwe tsikulo asanatuluke m'chipatala. Vuto limeneli likapezeka m'milungu yoyambirira limachizika, koma retina ikangomatuka, chiyembekezo choti mwanayo adzaona chimachepa kwambiri.